Amayi amene mbiri yawo inatsala pa mapepala

Munthu akalowa m'nyumba yosungira zinthu zakale amafuna kuona chogwirika: mkondo, mpando wa mfumu, galimoto yakale. Koma ife okonza zionetsero tikapatsidwa mbiri ya amayi akuda a ku America amene ankamenyera ufulu wa akazi, timapeza kuti zambiri zimene anasiya ndi mapepala: makalata, timapepala toitanira anthu ku msonkhano, nyuzipepala zazing'ono zosindikizidwa mwachangu.

Titenge gulu la Combahee River Collective, lomwe linayamba ku Boston mu 1974. Dzina lake analitenga ku mtsinje wa Combahee, kumene Harriet Tubman, mayi wakuda amene anathawa ukapolo, anatsogolera asilikali mu 1863 n'kumasula akapolo oposa 700. Chuma chachikulu cha gululi ndi chikalata cha mu 1977, chimene chinanena poyera kuti tsankho la khungu, kuponderezedwa kwa akazi ndi umphawi zimamenya mayi wakuda nthawi imodzi. Chikalata chotere chimafuna kuwala kochepa, pafupifupi 50 lux (lux ndi muyeso wa kuwala), ndipo pakatha miyezi ingapo chiyenera kupumula mumdima, apo ayi inki imafwifwa. Choncho chenichenicho timachiika m'bokosi lagalasi, koma pambali pake timaika kope loti mlendo aligwire, akhale pampando, awerenge.

Chiyeso chachikulu ndi kudzaza khoma ndi zithunzi zikuluzikulu za anthu otchuka. Shirley Chisholm, mayi wakuda woyamba kulowa mu Congress, nyumba ya malamulo ya ku America, atapambana chisankho cha 1968, ayenera kukhalapo ndithu. Koma ine ndimakana kuti chipinda chonse chikhale cha nkhope zisanu, chifukwa gulu ngati Combahee linkagwira ntchito limodzi, ndipo amene ankatayipa ndi kugawa mapepala aja nawonso ndi eni nkhani.

Pamene pamavuta zedi ndi pa kachikwangwani kofotokozera. Sojourner Truth, mayi wakuda womenyera ufulu wa akapolo ndi wa akazi, analankhula pamsonkhano wa amayi ku Akron, Ohio, mu 1851. Mkonzi wa nyuzipepala Marius Robinson anasindikiza mawu a mayiyu chaka chomwecho. Frances Gage, amene anatsogolera msonkhanowo, anadzawalembanso mwa njira yake mu 1863, patatha zaka 12, n'kumulankhulitsa ngati kapolo wa kummwera kwa America, chonsecho mayiyu anabadwira m'chigawo cha New York ndipo ali mwana ankalankhula Chidatchi. Zodabwitsa n'zoti ya Gage ndi imene inatchuka, mpaka pa matisheti. Wokonza chionetsero waulesi amangokopera yotchukayo. Choyenera ndi kuziika zonse ziwiri moyandikana, chaka ndi dzina la wolemba zili pansi pake, mlendo aone yekha mmene mawu a mayi wakuda anasinthidwira ndi cholembera cha munthu wina.

Ena mwa amayi a m'zaka za m'ma 1970 akadali moyo. Amenewa timawafunsa tisanapachike kanthu, makamaka makalata a pakati pa anthu awiri, ndipo mayi akanena kuti kalata yake isaoneke, imabwerera m'bokosi.