Madzi ofiira pachitenje

Ophunzira atsopano a uzamba akafika m'kalasi mwanga, tsiku loyamba ndimawatchera kamsampha. Ndimayala chitenje pansi, n'kuthirapo madzi ofiira amene ndayeza ndili ndekha, kenako ndimauza aliyense kuti alembe pakapepala kuchuluka kwa "magazi" amene akuona. Pafupifupi onse amalemba nambala yochepa kuposa yeniyeni. Sindiwaseka, chifukwa nanenso ndinkalakwitsa chimodzimodzi, ndipo ndinkalakwitsa ndili kale muwodi, mayi weniweni ali pabedi. Chitenje chimamwa, matiresi amamwa, ena amayenderera kunsi kwa bedi kumene maso safika.

Mayi akataya magazi okwana theka la lita kapena kupitirira pasanathe maola 24 atachira, ife timati ayamba kutaya magazi mopitirira muyezo. Theka la lita ndi kabotolo kamadzi kaja mumagula pa depoti. Pa zonse zimene zimapha amayi pa uchembere padziko lonse, vutoli ndi limene limatsogola, ndipo nthawi zambiri gwero lake ndi chiberekero chimene chakana kukungika nsengwa itatuluka. Chiberekero chabwino chimalimba ngati mpira ndipo chimafinya mitsempha ya magazi. Chikafewa, mitsempha ija imatsala yotsegula. N'chifukwa chake mwana akangobadwa timabaya mayi jakisoni wa oxytocin, mankhwala okungitsa chiberekero, ndipo timabwerabwera kudzakanikiza pamimba ngakhale mayiyo atatiyang'ana ndi diso lakuti "mundisiye ndipume".

Ndinayamba ntchito nthawi imene imfa za amayi zinali nkhani ya sabata iliyonse. Kafukufuku wa boma wa 2004 anapeza kuti amayi 984 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Pofika 2015 mpaka 2016 nambalayi inali itatsika kufika pa 439. Ena mwa amayi amenewa ndimawakumbukira nkhope.

Kenako ndinapita ku Britain, monga anachitira anamwino ambiri a msinkhu wanga. Ndinkaganiza kuti kumene kuli makina, magazi osungidwa ndi madokotala usiku wonse, nkhani yoona mochedwa kulibe. Usiku wina tinali ndi mayi wobwera kumene m'dzikomo, wosadziwa Chingelezi, ndipo amene ankamasulira anali mwamuna wake. Tikafunsa kuti akumva bwanji, mayiyo amalankhula mawu ambirimbiri, mwamunayo n'kungoti ali bwino, watopa chabe. Mnzanga amene tinali naye, namwino waluso ndithu, anamuyang'ana nkhope n'kunena kuti sakuoneka wotuwa. Buku limene iye anaphunzira linkati munthu amene akutha magazi amayera nkhope, ndipo zithunzi zonse m'bukumo zinali za azungu. Ine ndinakoka chikope cham'munsi, n'kuyang'ana nkhama ndi zikhatho, monga timachitira ku sikelo kwathu. Munali mbee. Titatembenuza mayiyo tinapeza nsalu ya kunsi yanyowa yonse. Anapulumuka, koma mphindi zimene tinataya zimandipwetekabe.

Mwamuna uja sanali woipa mtima. Mkazi wake ankanena zinthu zimene mwamuna kwawo sazitchula pamaso pa alendo. Ichi n'chifukwa chake zipatala za kumeneko zimalimbikitsa kuitana womasulira wa ntchito yake osati wachibale, ndipo mwana ndiye ayi ndithu. Amene muli ndi abale ku Leeds, ku Manchester kapena ku Johannesburg, auzeni kuti kupempha womasulira si manyazi, ndipo asabise chizungulire kapena mutu wopweteka kwambiri poopa kuoneka ovuta. Lipoti la 2018 la MBRRACE-UK, gulu lofufuza imfa za amayi ku Britain, linasonyeza kuti mayi wachikuda ku Britain anali pachiopsezo chomwalira pa uchembere kasanu kuposa mzungu. Zifukwa zake n'zambiri, koma kusamvedwa ndi kusaonedwa bwino zili m'gulumo.

Nditabwerera ndinalowa m'kalasi, ndipo ndi m'menemo ndinakumana ndi MamaNatalie. Ndi chidole chophunzitsira chimene kampani ya Laerdal ya ku Norway inapanga, ndipo mphunzitsi amachivala pamimba ngati epuloni. M'kati muli kamwana, nsengwa, chiberekero chimene ndingathe kuchifewetsa kapena kuchilimbitsa, ndi kathanki ka madzi ofiira kamene ndimatsegula ndikafuna. Chimene ndimachikondera n'chakuti mayi woberekayo ndimakhala ineyo. Ndimatha kubuula, kukana kugwidwa, kapena kungokhala chete maso ali m'mwamba. Tsiku lina ndimayankha m'chinenero chimene wophunzirayo sachidziwa, kuti alawe zimene tinakumana nazo usiku uja. Wophunzira amene wangoti maso pa chidole, osandiyang'ana nkhope ngakhale kamodzi, ndimamutsegulira kathanki mpaka nsapato zake zitanyowa. Saiwalanso.

Palinso NeoNatalie, kamwana kodzazidwa madzi kuti kalemere ngati khanda lenileni, kamene timaphunzitsira kuthandiza mwana kupuma m'mphindi yoyamba atabadwa.

Pa zipangizo zamakono ndili ndi maganizo anga, ndipo si onse amene amagwirizana nawo. Ndinaonapo chidole chodula kwambiri, cholankhula ndi kuphethira, chitatsekeredwa m'kabati chifukwa aliyense ankaopa kuchiwononga, kiyi ali ndi munthu mmodzi amene anali kutchuthi. Mu 2020, Covid itatseka sukulu, tinasamukira pa intaneti, ndipo ndinaona ophunzira akutha ma bandulo ndi kudikira magetsi kuti amve phunziro limene likanakwana pa uthenga wa mawu wa WhatsApp. Foni imathandiza kubwereza ndondomeko ndi kuonera kavidiyo kakafupi usiku usanalowe muwodi. Koma kulimba kwa chiberekero sungakumve pa foni. Manja amafuna kubwereza pang'onopang'ono koma pafupipafupi, mphindi khumi lero, zina khumi sabata yamawa, osati semina ya masiku asanu ku hotela kamodzi pachaka.

Chipangizo chimene chandisangalatsa kwambiri m'zaka zapitazi chilibe batire n'komwe. Ndi pepala la pulasitiki lokhala ndi thumba la mizere yoyezera, limene amaliyala kunsi kwa mayi akangochira kuti magazi azigwera m'menemo. Kafukufuku wotchedwa E-MOTIVE, amene anachitika m'zipatala za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2023, anaphatikiza pulasitikiyu ndi lamulo lakuti magazi akafika pamzere, azamba achite zonse nthawi imodzi osadikira kuona ngati choyamba chagwira: kusisita chiberekero, mankhwala okungitsa chiberekero, mankhwala ochepetsa kutaya magazi otchedwa tranexamic acid, dripi, kufufuza pamene pang'ambika ndi kuitana thandizo. Mavuto aakulu obwera ndi kutaya magazi anatsika ndi pafupifupi 60 peresenti.

Tsopano ophunzira akamaliza kulemba manambala awo pa chitenje chija, ndimathira madzi ofanana ndendende m'thumba la mizere n'kuwauza kuti awerenge okha. Chaka chatha mtsikana wina anayang'ana mzerewo, n'kuyang'ana kapepala kake, n'kundifunsa ngati ndawonjezera madzi.