Kumene Unachokera Mkangano wa Mgodi wa Malasha ku Whitehaven

Whitehaven ndi tauni ya m'mphepete mwa nyanja m'dera la Cumbria, kumpoto chakumadzulo kwa England, ndipo kuyambira mu 2017 kufikira mu 2025 dzina lake silinkachoka pakamwa pa nduna za boma, oweruza milandu, akatswiri a zanyengo ndi atolankhani, chifukwa cha mgodi umodzi wa malasha umene mpaka lero sunakumbidwe. Munthu womvera nkhaniyi patali akhoza kuganiza kuti anakangana ndi anthu osamala za chilengedwe ndi anthu osalabadira, koma kuganiza motero n'kuwalakwira eni tauniyi, pakuti gwero la mkanganowu lili m'zaka zoposa 300 zimene iwo ankadyera m'malasha, ndiponso m'zaka pafupifupi 40 zimene akhala akudikira cholowa m'malo mwake.

Amene anakuza tauniyi ndi a banja la Lowther, omwe m'zaka za m'ma 1600 anayamba kukumba malasha ochuluka pamalo awo, kumanga doko, ndi kutumiza malashawo pa sitima zapamadzi kukagulitsa ku Dublin, m'dziko la Ireland. Popeza malasha abwino a m'derali anayala pansi pa nyanja, okumbawo anayenera kuwalondola komweko. Mu 1729 anayamba kukumba mgodi wa Saltom pagombe penipeni, ndipo m'mibadwo yotsatira ngalande za migodi ya ku Whitehaven zinalowa makilomita angapo kunsi kwa madzi, kotero kuti mwamuna akatsika m'dzenje m'mawa ankayendabe ulendo wautali mumdima asanafike pamene pankamudikira ntchito.

Migodiyi inali yodzaza ndi mpweya wa methane umene umaphulika ukangokumana ndi moto, ndipo tauniyi inalipira ndi miyoyo ya ana ake. Pa 11 Meyi 1910 amuna ndi anyamata 136 anafera mu mgodi wa Wellington, ndipo pa 15 Ogasiti 1947 ena 104 anafera mu mgodi wa William. Pakati pa masoka awiriwa, mgodi wa Haig unaphulika mu 1922, mu 1928 ndi mu 1931. Ndikutchula zimenezi chifukwa anthu amene pambuyo pake anadzapempha kuti mgodi ubwerenso sanali alendo ku zoopsa za ntchitoyi. Ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za anthu amene maina awo analembedwa pa zipilala zachikumbutso m'tauniyo, ndipo munthu wodziwa maliro otere akamafunabe mgodi, ayenera kumvetseredwa asanaweruzidwe.

Mu 1947 boma linatenga migodi yonse ya malasha m'dzikomo kukhala yake, koma patapita nthawi linayamba kuitseka umodzi ndi umodzi ponena kuti sinkabweza ndalama. Sitiraka yaikulu ya ogwira ntchito m'migodi ya mu 1984 ndi 1985, yotsogoleredwa ndi a Arthur Scargill polimbana ndi boma la a Margaret Thatcher, inatha anthu apantchito atagonja, ndipo mu 1986 mgodi wa Haig, womwe unali wotsiriza mwa migodi yakuya ya ku Cumbria, unatsekedwa. Pa nthawiyo panalibe amene ankanena za kusintha kwa nyengo monga chifukwa chotsekera migodi, popeza nkhani inali ya ndalama ndi ndale basi. Fakitale ya mankhwala ya Marchon, imene inali pamtunda pa tauniyi ndipo inkalemba anthu ochuluka kwambiri, inatsekedwanso mu 2005. Chimene chinatsala chopereka malipiro abwino ndi malo a zanyukiliya a Sellafield, kumwera kwa tauniyi, moti derali linakhala ndi mabanja a mitundu iwiri, olowa ku Sellafield ndi otsala kunja. Chiyembekezo china chinali siteshoni yatsopano yopangira magetsi a nyukiliya ku Moorside, pafupi ndi Sellafield, koma chinazima mu Novembala 2018 pamene kampani ya Toshiba inasiya ntchitoyo.

M'zaka zomwezo boma la Britain linali kudzimanga ndi malonjezo aakulu pa nkhani ya nyengo. Mu 2008 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lokakamiza boma kuchepetsa mpweya wotenthetsa dziko, ndipo lamulolo linakhazikitsanso komiti ya akatswiri yoima payokha yolangiza boma, ya Climate Change Committee. Mgodi wakuya wotsiriza m'dziko lonselo, wa Kellingley ku Yorkshire, unatsekedwa mu Disembala 2015. Mu 2017 Britain pamodzi ndi Canada anayambitsa mgwirizano wa maiko olonjeza kusiya kupanga magetsi ndi malasha, ndipo mu Juni 2019 lamulo lija linalimbitsidwa kuti pofika mu 2050 mpweya umene dzikolo limatulutsa usamapose umene likutha kuuchotsa m'mlengalenga.

Kampani ya West Cumbria Mining, imene ndalama zake zambiri zinkachokera ku kampani ya EMR Capital ya ku Australia, inapempha chilolezo mu 2017 choti ikumbe mgodi watsopano wotchedwa Woodhouse Colliery pa malo omwe aja pamene panali fakitale ya Marchon. Inalonjeza ntchito pafupifupi 500, zambiri mwa izo za anthu a m'deralo, ndi kukumba matani pafupifupi 2.8 miliyoni pachaka. Mfundo yaikulu ya kampaniyi inali yakuti malasha ake sanali opangira magetsi, koma a mtundu umene umayamba waotchedwa m'mauvuni otsekedwa kuti usanduke makala olimba osungunulira miyala ya chitsulo m'ng'anjo zikuluzikulu. Inkanena kuti malinga ngati Ulaya akufunabe chitsulo, ngakhale chomangira makina opangira magetsi ndi mphepo, malasha amenewa adzaotchedwabe, ndipo n'kwabwino kuwakumba pafupi kusiyana ndi kuwaitanitsa ku America pa sitima.

Khonsolo ya Cumbria inavomereza pempholi katatu, mu Malichi 2019, mu Okutobala 2019 ndi mu Okutobala 2020, ndipo ulendo wachitatuwo inaika malire akuti kukumba kudzathe mu 2049, kutatsala chaka chimodzi kuti lonjezo la 2050 likwane. Meya wa dera la Copeland, mmene munali Whitehaven, a Mike Starkie, ndi phungu wa deralo, a Trudy Harrison, anaima nji kumbali ya mgodi. A Harrison anali atalanda mpandowo mu 2017 m'dzina la chipani cha Conservative, m'dera limene linkavotera chipani cha Labour kuyambira mu 1935, ndipo kusintha kumeneku kunaonetsa kutopa kwa anthu amene ankaona kuti ku London anaiwalidwa. Otsutsa mgodi ankawauza kuti Cumbria ikhoza kupeza ntchito masauzande angapo m'magetsi a mphepo ndi m'kukonza nyumba kuti zizisunga kutentha. Mawuwo sanali abodza, koma analibe dzina la olemba ntchito, tsiku loyambira kapena malo okaperekera kalata, pamene mgodi unali ndi ofesi m'tauni momwemo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo anthu amene anali atangoona Moorside ikuwapulumuka m'manja anali ndi chifukwa chokwanira choganizira chimodzimodzi.

Mu Januwale 2021 nduna yoona za maboma aang'ono, a Robert Jenrick, anakana kulowererapo ponena kuti nkhaniyo inali ya khonsolo. Mwezi womwewo wapampando wa komiti ya akatswiri ija, Lord Deben, anawalembera kalata yowachenjeza kuti mgodiwo udzawonjezera mpweya woipa padziko lonse, ndiponso kuti pafupifupi 85 peresenti ya malashawo inali yoti izigulitsidwa kunja. Chimene chinapsetsa nkhaniyi ndi chakuti mu Novembala chaka chomwecho Britain inkayembekezeka kuchereza msonkhano wa zanyengo wa COP26 ku Glasgow, kumene a Alok Sharma, monga wotsogolera msonkhanowo, ankapempha maiko kuti malasha awasiyiretu. Mu Malichi a Jenrick anabweza mawu awo n'kulamula kuti pakhale kafukufuku womva maganizo a mbali zonse, amene anachitika mu Seputembala.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife a kuno kumwera kwa Africa. Pa msonkhano wa ku Glasgow womwewo, Britain, America, France, Germany ndi European Union analonjeza dziko la South Africa ndalama zokwana madola 8.5 biliyoni kuti liyambe kuchoka pa malasha, chonsecho m'chigawo cha Mpumalanga matauni athunthu, monga Emalahleni, amadalira migodi ndi masiteshoni a Eskom, kampani ya magetsi ya boma la dzikolo. Dziko lolemera limene likupempha munthu wa ku Emalahleni kuti asiye ntchito yake chifukwa cha nyengo, kwinaku likutsegula mgodi kwawo chifukwa cha ntchito 500, limadzichotsera lokha mphamvu yolankhula, ndipo maiko osauka anaona zimenezi bwino lomwe.

Ngakhale zinali choncho, pa 7 Disembala 2022 nduna ina, a Michael Gove, anavomereza mgodiwo potsatira malangizo a mkulu amene anatsogolera kafukufuku uja. Anavomereza mfundo yakuti malasha a ku Whitehaven adzangolowa m'malo mwa malasha ochokera kwina, kotero kuti mpweya wapadziko lonse sudzawonjezeka. Ine ndikuona kuti mfundo imeneyi ndiyo inali yofooka kwambiri pa zonse, chifukwa palibe chimene chikanakakamiza mgodi wa ku America kuchepetsa kukumba, ndipo malasha akachuluka pamsika mtengo umatsika, n'kuchedwetsa makampani a chitsulo kusamukira ku ng'anjo zamagetsi. Komanso kampani ya British Steel inali itanena kale kuti sulufule wochuluka wa m'malashawo anali vuto ku ng'anjo zake.

Mabungwe oteteza chilengedwe a Friends of the Earth ndi South Lakes Action on Climate Change anakamang'ala kukhoti. Mlandu wawo usanamveke, pa 20 Juni 2024 khoti lalikulu kwambiri m'dzikomo linagamula mlandu wina, umene anabweretsa a Sarah Finch wokhudza zitsime za mafuta za ku Horse Hill ku Surrey, ndipo linati wopereka chilolezo ayenera kuwerengera ngakhale mpweya umene udzatuluke mafutawo akadzaotchedwa, osati wa pamalo okumbira pokha. Boma latsopano la Labour, limene linalowa mu Julayi, linasiya kuikira kumbuyo chilolezo cha a Gove, ndipo pa 13 Seputembala 2024 woweruza Holgate anachifafaniza, ponena kuti ganizo lakuti mgodiwo sudzawonjezera mpweya linali lolakwika pamaso pa lamulo. Mu Novembala boma linalengeza kuti lidzaletsa ziphaso zatsopano zokumbira malasha, ndipo mu Epulo 2025 kampani ija inabweza pempho lake.

Khotilo linayankha bwino funso la mpweya, koma funso la ntchito silinali m'manja mwake, ndipo zimene zinachitika m'miyezi yomweyo zinakulitsa mantha a anthu a m'matauni a mafakitale. Pa 30 Seputembala 2024 siteshoni yotsiriza yopanga magetsi ndi malasha ku Britain, ya Ratcliffe-on-Soar, inatsekedwa, ndipo tsiku lomwelo kampani ya Tata Steel inazimitsa ng'anjo yake yaikulu yotsiriza ku Port Talbot ku Wales, pa kusintha kumene kunayembekezeka kuchotsa ntchito anthu pafupifupi 2,800. Kenako pa 12 Epulo 2025 aphungu anaitanidwa kunyumba ya malamulo Loweruka kuti apatse boma mphamvu zoyendetsera British Steel ku Scunthorpe, kumene eni ake a kampani ya Jingye ya ku China ankafuna kuzimitsa ng'anjo ziwiri zotsala, ndipo boma linathamangira kupeza malasha ochokera ku America ndi ku Australia kuti moto usazime. Ochirikiza mgodi wa ku Whitehaven anati zimenezi zatsimikizira mawu awo. Otsutsa anakumbutsa za sulufule uja, nawonjeza kuti Scunthorpe inali itatseka kale mauvuni ake ootchera malasha mu 2023, kotero kuti malasha a ku Cumbria sakanalowa m'ng'anjozo asanapite kaye kwina kukakonzedwa.