Chainsaw ikakana kulira, musathamangire kabuleta

Makina odulira mitengo, aja timati chainsaw, akandifika atakana kulira, kawirikawiri ndimapeza mwini wake atapotokola kale timasikuluwu ta pa kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa vuto linali limodzi ndipo tsopano akhala awiri. Injini ya chainsaw ndi ya two-stroke, ija imayendera petulo wosakanizidwa ndi oyilo, ndipo kuti ilire imafuna zinthu zinayi: mafuta abwino, mpweya, moto wa pa pulagi, ndi mphamvu ya pisitoni yopanikiza zonsezi m'silinda. Chimodzi chikasowa, mudzakoka chingwe mpaka phewa kuchita dzanzi, makina ali duu.

Ndiyambe ndi vuto limene timalipanga ndi manja athu, la injini kumwa mafuta mopyola muyeso. Ntchito ya choki ndi kutseka njira ya mpweya kuti injini yozizira ikoke mafuta ambiri. Mukatseka choki n'kukoka kangapo, injini imatsokomola kamodzi, kuti phu, kenako n'kukhala chete. Kutsokomola kumeneko ndi uthenga woti tsegulani choki tsopano. Ambiri sakumva, kapena amakumva n'kulimbikira kukoka choki chili chitsekere, ndipo kukoka kulikonse kumathira petulo wina m'silinda mpaka pulagi kunyowa. Pulagi yonyowa sigwira moto. Mudzazindikira ndi fungo la petulo limene lakuta makina onse. Zikatero zimitsani swichi, masulani pulagi, tembenuzani makinawo bowo la pulagi liyang'ane pansi, kokani chingwe kangapo kuti mafuta atuluke. Chitani izi kutali ndi moto ndi fodya. Pukutani pulagi iume, bwezerani, yatsani swichi, ndipo kokani choki chili chotsegula. Ikagwira idzafuka utsi wambiri kwa kamphindi, zisakuopseni. Injini ikadali yotentha sifuna choki ayi.

Poliza, makina akhale pansi, buleki ya tcheni mutamanga, phazi lamanja pa chogwirira chakumbuyo, dzanja lamanzere pa chogwirira chakutsogolo. Kuliza uku mwawanyamula m'mwamba ndi dzanja limodzi, monga ndimaonera ena akuchita, kwavulaza anthu miyendo. Ndipo muyang'ane swichi ija musanakoke, pakuti ngakhale ife amisiri imatiiwalika.

Ngati pulagi ndi youma kapena injini sikutsokomola n'komwe, tsegulani thanki mununkhize. Petulo watsopano amalasa m'mphuno, wokhalitsa amanunkha ngati vanishi ndipo amaderako mtundu. Petulo wosakaniza ndi oyilo amayamba kuwonongeka pakadutsa pafupifupi mwezi, makamaka ngati muli ethanol, amene amakoka chinyezi. Mbali yake yosachedwa kuyaka imauluka, n'kutsala zomata ngati ulimbo zimene zimatseka timabowo ta kabuleta. Makina amene anagwira bwino ntchito chaka chatha n'kusungidwa ndi mafuta m'thanki, vuto lake limakhala limeneli nthawi zambiri. Khuthulani, sakanizani watsopano. Makina ambiri amakono, monga a Stihl ndi Husqvarna, amafuna muyeso wa 50:1, kutanthauza mamililita 20 a oyilo wa two-stroke pa lita imodzi ya petulo, kapena 100 pa malita 5. Ena amafuna oyilo wochulukirapo, choncho onani buku la makina anu. Muyeze ndi choyezera, osati ndi maso, ndipo musakanizire m'chigubu n'kukhutchumula musanathire. Onetsetsaninso kuti oyilo wa tcheni sanalowe m'thanki ya petulo, chifukwa zitsekero ziwirizi zimafanana.

Moto umayesedwa motere: masulani pulagi, ivekeninso chipewa chake cha labala, gunditsani chitsulo chake pa chitsulo cha injini chapatali ndi bowo, kenako kokani chingwe. Mugwire pa labala pokha kuti magetsi asakumenyeni. Pamthunzi muyenera kuona kamoto kabuluu kakudumpha kuti thethe. Mpata wa kunsonga kwa pulagi pa makina ambiri ndi mamilimita 0.5. Nsongayo imanenanso za umoyo wa injini: yofiirira ngati dothi ndiye kuti zili bwino, yakuda ndi mwaye ndiye kuti mafuta akuchuluka kapena mpweya ukuchepa, yotuwa mbee ndiye kuti injini ikutentha kwambiri. Ngati pulagi yatsopano nayo sikutulutsa moto, yang'anani waya wa swichi ngati sanasupuke n'kukhudza chitsulo. Waya akakhala bwino, nthawi zambiri ndiye kuti koyilo, imene imapanga moto wa pa pulagi, yafa.

Sefa ya mpweya imadzaza utuchi msanga. Tsekani choki musanaichotse kuti zinyalala zisagwere m'kabuleta, ikuntheni kapena itsukeni malinga ndi mtundu wake, iume bwino. Sefa ya mafuta ili m'thanki kunsonga kwa kapaipi, ndipo mungaikowe ndi kawaya kopinda. Ikada isintheni, muonenso ngati kapaipiko sikanang'ambike. Makina amene amalira mphindi zochepa n'kuzima, koma mukamasula chitsekero cha thanki n'kumva mpweya ukulowa kuti fyuu amaliranso, ndiye kuti kabowo kopumira thanki katsekeka. Pa ekizosi ya makina ambiri palinso kasefa kawaya koletsa ziphaliphali za moto kutuluka. Kakatsekeka ndi mwaye injini imabanika, ndipo kukatsuka ndi bulashi yawaya kumakwanira.

Mphamvu ya pisitoni mungaiyese popanda chida. Nyamulani makina ndi chogwirira cha chingwe chokha. Makina abwino amalendewera n'kumatsika mwapang'onopang'ono, modukizadukiza. Akangotsetsereka mpaka chingwe kutha, ndiye kuti mkati mwatha. Masulani ekizosi musuzumire pa bowo: pisitoni yabwino ndi yosalala, yowonongeka imakhala ndi mizere yokandika kuyambira pamwamba kutsika pansi. Nthawi zambiri zimenezi zimabwera ndi petulo wopanda oyilo kapena mpweya wolowera pamalo pong'ambika, ndipo apa pafunika mmisiri.

Zonsezi zikakhala bwino, pamenepo ndiye tifike pa kabuleta. Mkati mwake muli timapepala ta labala topyapyala timene timapopa ndi kuyeza mafuta, ndipo tikakhalitsa m'petulo wakale timauma gwa ngati chikopa chapadzuwa. Kupotokola sikuluwu sikungatifewetse, timafuna kusintha ndipo kabuleta atsukidwe. Sikuluwu yolembedwa L imayeza mafuta injini ikamayenda pang'onopang'ono, ya H ikamathamanga kwambiri. Ya H mukaimanga mopitirira, injini imalira mokoma ngati yapeza mphamvu zatsopano, koma mafuta amene akulowa achepa, ndipo oyilo wofewetsa pisitoni amalowera limodzi ndi mafutawo. Ndaonapo pisitoni itakandika isanamalize n'komwe kudula chipika chimodzi chifukwa cha sikuluwu imeneyi.