Katoni ndi yopepuka, nanga mtengo wakwera bwanji?

Masabata apitawa mzere wa pa kauntala yathu yotumizira katundu pa ndege wakhala ukuima chifukwa cha mkangano umodzimodzi. Munthu waona yekha sikelo ikuonetsa makilogalamu 3, koma pa lisiti palembedwa 12. Ena afika potinena kuti tikuba. Nawa mayankho a mafunso amene tikumva tsiku ndi tsiku.

Kodi mumayeza kulemera kapena kukula?

Zonse ziwiri, ndipo mumalipira nambala imene yatuluka yaikulu.

Nanga 12 wachokera kuti pamene sikelo yati 3?

Wachokera pa malo amene katoni yanu itenge m'ndege. Timayeza mulitali, mulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita, n'kuchulukitsa nambala zitatuzo, kenako n'kugawa ndi 5000. Katoni ya 50 kwa 40 kwa 30 imapereka 60,000, ndipo mukagawa mupeza 12. Ngakhale mkatimo muli mapilo okhaokha, ndege iona makilogalamu 12.

Lamuloli sitinalipange ife. Makampani a katundu wachangu monga DHL amagawa ndi 5000, pomwe katundu wamba wa pa ndege, potsatira bungwe la makampani a ndege la IATA, amagawidwa ndi 6000. N'chifukwa chake mnzanu amene anatumizira kwina atha kukuuzani mtengo wina, osati kuti wina wanama. Tikuvomereza kuti chikwangwani chofotokoza izi tinachedwa kuchipachika, ndipo ambiri akhala akumva koyamba atafika kale pa sikelo, ndalama atawerengera kunyumba.

Kodi dongosololi lili ndi ubwino kwa kasitomala?

Lili nawo. Popanda ilo, wotumiza mabuku akanalipirira malo a mnzake wotumiza madengu.

Ndingachepetse bwanji mtengo?

Chepetsani mphepo imene mukutumiza. Mayi wina anabwera ndi katoni yaikulu ngati yomwe tatchulayi, muli malichero awiri, zitenje zinayi ndi nyuzipepala zotsekera mipata, zopita kwa mwana wawo ku Johannesburg. Tinadula ngodya zinayi ndi mpeni, n'kupinda katoniyo mpaka msinkhu unatsika kufika pa 15. Makilogalamu olipira anachoka pa 12 kufika pa 6. Koma musafinye zinthu zosweka pofuna kupulumutsa ndalama. Kapu ikasweka chifukwa cha kulongedza kwanu, nkhani ya chipukuta misozi imavuta. Samalaninso ndi katoni yotupa pamimba, poti tepi yoyezera imadutsa pamene patukuka kwambiri.

Kodi phukusi laling'ono nalonso limatero?

Ku positi ofesi kuli gulu la maphukusi ang'onoang'ono opita kunja, motsatira malamulo a bungwe la mapositi a dziko lonse la Universal Postal Union: osapitirira makilogalamu 2, mbali zitatu zikaphatikizidwa zisapose masentimita 90, ndipo mbali yaitali isapose 60. Likapyola pamenepo lalowa gulu lina la mtengo wina.

Akalaliki anu awiri anandiuza mitengo yosiyana pa katoni imodzi. Mundibwezera?

Izi zachitikapo, sitikana. Kawirikawiri chimakhala kuti wina anayeza katoni isanamatidwe, wina itamatidwa n'kutupa, ndipo sentimita imodzi kapena ziwiri zimatha kukankhira katundu pa theka lotsatira la kilogalamu. Mtengo wongouzidwa pakamwa kapena pafoni ndi woyerekeza chabe. Mtengo wogwira ntchito ndi wa pa lisiti.

Za kubweza ndalama sitingalonjeze aliyense. Ngati katundu akadali m'manja mwathu, pemphani woyang'anira ayezenso inu muli pomwepo, ndipo cholakwa chikapezeka kuti ndi chathu tikonza. Akanyamuka, timadalira muyeso wa kampani yonyamula, ndipo yankho lake limatenga nthawi. Sungani lisiti, ndipo jambulani katoni ndi foni pamene tepi yoyezera ili pamwamba pake.

Kodi msonkho wa kumene katundu akupita uli momwemo?

Ayi. Umenewo amalamula a kasitomu a dzikolo, potengera mtengo wa zinthu zimene mwalemba pa fomu, ndipo nthawi zambiri amalipira ndi wolandira. Muuzeni m'bale wanuyo katundu asanafike.