Akatswiri olembedwa ntchito samanga mzinda

Ambiri amaganiza kuti khonsolo ikalemba akatswiri akunja kuti akonze pulani ya mzinda, ndiye kuti mzindawo ukula monga momwe iwo ajambulira. Si choncho ayi. Akatswiriwo amawerengera kuchuluka kwa anthu, kuyeza malo, n'kupereka malangizo basi. Mphamvu zogawa malo, kuloleza zomanga ndi kupeza ndalama za misewu zimatsala m'manja mwa boma ndi khonsolo.

Taonani Lilongwe. Mu 2010, akatswiri otumidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan anamaliza pulani yofika mpaka 2030. Komatu ku Mtandire ndi ku Chinsapo nyumba zikuthithikanabe, tinjira tina n'topapatiza moti ambulansi singalowe, poti anthu amagula malo kwa mafumu osadikira mapu aja. Wolondoloza zimenezi ndi khonsolo, akatswiri aja kontirakiti yawo inatha kalekale.