Chilonda cha fangasi m'diso ndi mankhwala amene amavuta kufika pomwe pali matenda

Nyengo yokolola ikafika, ku famase kumabwera anthu ambiri atagwira diso. Wina tsamba louma la chimanga linamukwapula, wina khusu la mpunga linamugwera popuntha. Poyamba kamakhala kakukanda kosaoneka n'komwe, koma pakapita masiku diso limafiira, misozi osaleka, kuwala kwa dzuwa osakufuna, ndipo pagalasi la kutsogolo kwa diso, limene madokotala amalitcha cornea, pamaoneka kadontho kotuwa kokhala ndi m'mbali mwamanyamanya. Nthawi zambiri ameneyo amakhala fangasi wa mtundu wa Fusarium kapena Aspergillus, wachibale wa chuku chimene chimagwira chimanga chosauma bwino. Padziko lonse anthu opitirira miliyoni imodzi amadwala matendawa chaka chilichonse, ambiri mwa iwo alimi a m'mayiko otentha.

Mankhwala ake alipo. Odalirika kwambiri ndi natamycin wa 5 peresenti, amene anapezeka mu 1955 kuchokera ku tizilombo ta m'dothi la ku Natal ku South Africa, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2017. Kafukufuku amene anachitikira m'zipatala za Aravind ku India, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2013, anaonetsa kuti natamycin amaposa mankhwala ena a fangasi otchedwa voriconazole, makamaka pa Fusarium. Chovuta ndi kuwafikitsa pamene fangasi wakhazikika.

Diso limasunga misozi pafupifupi mamaikulolita 7 (timiyezo ting'onoting'ono kwambiri ta madzi), pamene dontho limodzi la m'botolo limaposa 30. Ndiye kuti mukangodontheza, gawo lalikulu limasefukira patsaya, lina limatsika kanjira ka misozi kopita kumphuno (n'chifukwa chake ena amamva kuwawa kwa mankhwalawo kukhosi akadontheza m'maso), ndipo lotsalalo zikope zimalikokolola pophethira. Mankhwala amene amalowadi m'kati safika ndi 5 peresenti yomwe. Komanso cornea ili ndi zigawo: yakunja imalola zinthu zosungunuka m'mafuta, yam'kati imalola zosungunuka m'madzi, choncho mankhwala odutsa bwino gawo lina amakakamira pa linzake. Natamycin ndiye sasungunuka bwino m'madzi, amakhala ngati ufa woyandama m'botolo. Wosakhutchumula botolo amadontheza madzi chabe, mankhwala atakhala pansi.

Apa m'pamene pamachokera malangizo amene odwala amaona ngati nkhanza: dontho limodzi ola lililonse, usana ndi usiku, masiku oyambirira, kenako kumachepetsa pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Dokotala nthawi zina amapala pamwamba pa chilonda kuti mankhwala apeze polowera, ndipo fangasi akazama amabaya voriconazole m'kati mwa cornea kapena mankhwala ena a fangasi otchedwa amphotericin B m'chipinda cha kutsogolo kwa diso. Asayansi akuyesa mankhwala olowa m'diso ngati madzi koma n'kulimba kukhala ngati phala kuti achedwe kukokoloka, timagalasi tovala m'maso totulutsa mankhwala pang'onopang'ono, ndi tinthu ting'onoting'ono tonyamula mankhwala kudutsa zigawo zija. Zambiri mwa izi zidakali m'malabotale. Mlimi wa lero chimene chingapulumutse diso lake ndi kufika msanga kwa dokotala wa maso, monga ku Lions Sight First ku Queen Elizabeth mu Blantyre kapena ku Nkhoma.

Chimene chimandipweteka mtima ndi chimene chimachitika asanafike kumeneko. Ena amayamba afinyiramo madzi a masamba kapena mkaka wa m'mawere, zimene zimangoonjezera tizilombo. Ena amabwera pa kauntala n'kuti, "Mundipatseko kodontheza kochotsa kufiira," wogulitsa n'kutola botolo lokhala ndi dexamethasone kapena betamethasone. Amenewa ndi masteroidi. Amaziziritsa kutupa, wodwala n'kumva bwino masiku awiri kapena atatu, koma afooketsa chitetezo cha diso ndipo fangasi amazama mpaka kuboola cornea. Diso limene lavulala ndi chomera, likupweteka, ndiponso lili ndi kadontho koyera, si logulitsira steroidi ayi. Wazamankhwala wodziwa ntchito yake amakana, n'kunena kuti, "Bambo, pitani kuchipatala lero lomwe."

Msampha womwewo uli pa shelefu ya mafuta odzola, ndipo kunena zoona ambiri a ife azamankhwala za khungu tinaziphunzira mothamanga poyerekeza ndi mapiritsi. Mayi akabwera ndi mwana wa zipere amafuna kirimu wogwira msanga, ndipo wogwira msangayo amakhala wosakaniza clotrimazole, amene ndi mankhwala a fangasi, ndi steroidi monga betamethasone kapena clobetasol. Kuyabwa kumatha, mphete ya chipere imazimiririka, koma fangasi amafalikira mobisika moti ngakhale dokotala amavutika kumuzindikira. Ku India kugwiritsa ntchito makirimu otere mwachisawawa kwayendera limodzi ndi kufala kwa Trichophyton indotineae, fangasi amene nthawi zambiri samva mankhwala a zipere otchedwa terbinafine. Masteroidi omwewa amapezekanso m'mafuta ambiri oyeretsa khungu, ndipo wowadzola kumaso nthawi yaitali, pafupi ndi zikope, akhoza kudwala glaucoma (matenda oononga mtsempha woonera) kapena ng'ala. Musanalipire, tembenuzani katoni muwerenge zosakanizazo. Mukaona dzina lothera ndi "-sone", "-solone" kapena "-sol", nthawi zambiri ameneyo ndi steroidi, choncho funsani chifukwa chake mukupatsidwa mankhwalawo komanso kuti mudzola masiku angati.