Mavidiyo a Masewera Amphamvu: Ululu Si Umboni Woti Zikuyenda

Mavidiyo a HIIT, masewera amphamvu olimbitsa thupi, achuluka pa YouTube ndi pa TikTok. Mumadumpha, kunjuta kapena kuthamanga pamalo amodzi kwa masekondi 20 mpaka 40, n'kupuma pang'ono, n'kuyambiranso. Amene mukumuonera pa foniyo thupi lake linazolowera kalekale. Ngati inu mwatha miyezi osatuluka thukuta, musapikisane naye.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuchita masewera apakatikati mphindi zosachepera 150 pa sabata, kapena amphamvu mphindi 75. Kuyenda ndawala nakonso kuli m'gulu la masewera apakatikati.

Chikutidetsa nkhawa ndi maganizo oti thupi likamapweteka kwambiri ndiye kuti mafuta akusungunuka. Si zoona. Kumva kuphwanya m'thupi tsiku lotsatira n'kwachibadwa, ndipo kumatha kokha pakapita masiku ochepa. Koma minofu ikakakamizidwa mopitirira muyeso imawonongeka, n'kutulutsira m'magazi zinthu zimene zimawononga impso. Madokotala amati rhabdomyolysis. Imagwira ngakhale achinyamata athanzi, makamaka ongoyamba kumene, ochitira malo otentha, ndi osamwa madzi okwanira.

Mukaona mkodzo wofiirira kapena wakuda, kapena wachepa kwambiri, minofu yatupa, mkono kapena mwendo ukukanika kuwongoka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musanene kuti "ndionera mawa". Musamwe ibuprofen kuti mupitirize masewera, chifukwa mankhwala amenewa amalemetsanso impso zomwezo.

Pamene mukuchita masewera, siyani pompo mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, mtima kugunda mosalongosoka, kapena kubanika kosatha ngakhale mwapuma. Odwala BP, shuga kapena mtima, amayi oyembekezera ndi amene mawondo amawavuta ayambe afunsa adokotala.

Poyamba, tenthetsani thupi kwa mphindi 5 mpaka 10. Chitani kawiri pa sabata basi, ndipo pakati pazidutsa maola 48. Pamene vidiyo ikudumphitsa, inu pondani pamalo amodzi osadumpha. Masewera apakatikati mumatha kulankhula koma osaimba. Mukamalephera kutulutsa mawu oposa awiri kapena atatu, mwalowa m'gawo lamphamvu, ndipo wongoyamba sayenera kukhalitsamo. Vidiyo imaimitsidwa, kuimitsa si manyazi.

Tikubwerezanso za mkodzo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amachedwera: ukasintha mtundu patatha tsiku limodzi mpaka masiku atatu mutachita masewerawa, musadikire kuti uyere wokha. Kuchipatala akakuyezani magazi, ndipo impso zimapulumuka mukaikidwa dripi msanga.